Mapazi a Kalata ya Endel

Lachiwiri tinasintha sefa.
Yakale inkadontha: mankhwala a dazi,
chuma cha amalume amene sitinawamvepo,
ngongole zopanda chikole,
zonse zinkalowa osaodira.
Yatsopano ndi ya maso ang'onoang'ono.
Lachitatu mabokosi a imelo anali mbee,
abwana anandigwira chanza pamakwerero.

Lachisanu Leelo waima pakhomo langa,
chipale cha mumsewu wa Riia chikusungunuka pamapewa ake.
Akuti Endel wa ku Võru waimba katatu,
ng'ombe zake zisanu ndi ziwiri zikutsokomola,
anatumiza zithunzi dzana,
ndipo ife a ku labotale tangoti zii
ngati anatilakwira.

Kalata siifa, ndamuuza, imangosochera.
Sanaseke.

Tsopano Tartu wazimitsa mawindo.
Emajõgi wauma gwaa pansi pa mlatho.
Ndatsala ine, khofi wozizira,
ndi mutu wa kalata yoyesera imene ndadzitumizira ndekha.

Mutu wa imelo umawerengedwa chadodolido.
Mzere wapansi ndiwo kubadwa.
Seva iliyonse imene kalata yagonapo
imadinda pamwamba pa inzake:
ndalandira kwa uje, pa ola lakuti,
ndapereka kwa uje.
Ukatsika nawo mizereyo umafika pakhomo la wolemba
ngati wolondola mapazi pa chipale chatsopano.

Koma lero mapazi akuthera pabwalo pathu pomwe.

Ndinayamba ndakayikira wotchi,
maola awiri akusowa pakati pa zidindo ziwiri.
Ayi, wina amawerenga nthawi ya dziko lonse, wina ya kuno.
Ndinakayikira a ku Tallinn amene amatisungira dzina,
ndinawalembera mawu aukali, ndinafufuta.
Ola lathunthu ndinakayikira Endel,
mwina chala chake chachisanu chinaphonya chilembo.
Andikhululukire.

Kenako ndinaiona, nambala yaing'ono ija,
127.0.0.1,
dzina limene makina aliwonse amadzitcha akamalankhula okha.
Sefa yatsopano ikumeza kalata,
kuifufuza, kuilavula,
nkudinda ngati yabadwira m'mimba mwake.
Ndiye mlonda wotsatira akufunsa:
kodi nambala iyi ili ndi chilolezo
cholankhulira famu ya ku Võru?
Ilibe. Basi ndi wonama. Mutsekereni.

Takhala tikumanga alendo
chifukwa tawapeza m'nyumba mwathu.

Fayilo yakale sinatayidwe,
pulogalamu inangoikankhira pambali ndi dzina lina.
Pamzere wa makumi asanu ndi atatu
pali mndandanda wa maseva odalirika,
ndipo pamwamba pake Aivar,
amene anasiya ntchito ino kukaweta njuchi ku Saaremaa,
analemba kalekale:
usachotse, udzalira.

Ndakopera mizere inayi.
Ndazimitsa, ndayatsa,
ndagwira mpweya ngati wonyamula mazira pa ayezi.
Kalata yoyesera yafika ndi mapazi ake onse.

M'chipinda cha obindikiritsidwa muli makalata mazana awiri ndi khumi.
Ya Endel ili pakati pa lotale ya ku Spain
ndi munthu wogulitsa mawotchi agolide.
Ilibe moni. Mawu asanu ndi limodzi,
ndi chithunzi cha mphuno yonyowa ya ng'ombe,
nambala yachikasu ikulendewera kukhutu.

Ndawerenga mutu wake kuchokera pansi.
Võru, Tallinn, Tartu:
masekondi asanu ndi anayi.
Kenako masiku awiri ndi theka
itaima kuseri kwa chitseko chathu
osagogoda, chifukwa kalata ilibe dzanja.

Ndaimasula nthawi ili 3:40.
Ndinkaganiza kuti Leelo ali mtulo,
koma foni yanjenjemera patebulo:
Ndaiona. Ndinyamuka kusanache.

Ndikuvala magolovesi, bokosi langa lalira kamodzi.
Mankhwala a dazi, mtengo wotsika, lero lokha.
Yapulumuka bwanji, ndiona Lolemba.
Ndagwira pamutu panga,
ndavala chipewa.