Makadi Awiri Okha

Magetsi athimanso ku Chikanda.
Ndayatsa kandulo wotsiriza,
ndipo chithunzithunzi changa pakhoma
chikuoneka chakhama kuposa mwini wake.
Mawa eyiti koloko, pepala lomaliza.
Zaka zinayi zapanikizana m'kope limodzi
limene makoswe adaluma pakona.

Kuseri kwa khoma Ndaziona akuloweza mokweza
ngati akuwerengera munthu milandu.
Ku laibulale malo adatha kalekale:
anthu amasiya juzi pampando mbandakucha,
juziyo n'kuswera pomwepo, osawerenga kanthu.

Mayi Nachisale, eni nyumba, agogoda.
"Mwanawe, miyezi iwiri ija?"
Ndati loni ikalowa.
Aseka. Loniyo amaidziwa bwino,
mlendo wonena kuti ali panjira
pamene sanatereke n'komwe madzi osamba.

Kwacha. Nkhungu yatsika m'phiri, yameza mitengo.
Wakabaza amene waima ndi Lingisoni.
Tidalowa limodzi chaka choyamba,
tidagawana ndowa, bulangeti ndi soya wopanda tomato.
Masamu adamugwetsa chaka chachiwiri,
fizi n'kudzamutsiriza.
Akupalasa osacheuka, thukuta likuboola shati.
Pageti ndatulutsa ndalama, wandibweza dzanja.
"Kalembe. Ukalembereko ndi ine."
Ndalowa m'holo ndi zolembera ziwiri
ndi katundu amene osecha sanamuone.

Maola atatu.
Funso lachinayi lachokera pakona pa makoswe paja.
Ndalemba zomwe ndikudziwa
ndi zina zomwe ndidangomva zikudutsa.
"Lekani kulemba!"
Ndimayesa ndilira, kapena ndikuwa.
Ayi ndithu. Kunja akhwangwala
akungolimbirana chitsononkho ngati dzulo.

Zotsatira zatuluka nditaonda kale.
Dzina langa lilipo, alilemba molakwika, koma lilipo.
Tsopano ndi mzere wa gauni,
mzere wa siginecha, mzere wofunsa kumene mzere wayambira.
Telala wa ku Matawale akuti suti itha Lachinayi,
sananene Lachinayi liti.
Chipewa cha makona anayi chikundithina.
Mutu wakula, akutero Ndaziona, koma m'thumba mudakali momwemo.

Kenaka kalaliki wandipatsa envulopu.
Makadi awiri. Alendo awiri okha.

Bambo aimba foni kuchokera ku Mayaka:
apangana kale ndi mwini lole.
Akubwera azakhali amene adagulitsa mbuzi ya bere,
amalume amene njinga yawo idasanduka fizi ya temu yachitatu,
aphunzitsi anga a Sitandade 8 ndi tayi yawo yofiira,
amayi a Chigwirizano asoketsa kale chitenje chimodzi.
Akubweranso Mwatitha, mlongo wanga,
amene adalekezera Folomu 2
tsiku lomwe ndalama idakwana mwana mmodzi.
Sadanenepo kanthu mpaka lero.
Amangofunsa ngati ndikudya.

Ndayala makadi pamphasa, ndawerenga, ndabwereza.
Ndaphunzira kugawa zovuta zaka zinayi,
koma palibe adandiphunzitsa samu iyi:
anthu makumi atatu, mipando iwiri.
Digiriyi ili ngati munda wolima pa dima,
makasu ambirimbiri,
pachikwangwani dzina limodzi.

Madzulo ndatsikira ku Likangala kukachapa shati yoyera.
Madzi ndi ochepa, sopo ndi wobwereka.
Lingisoni wadutsa pamlatho, waliza belu.
Ndamuuza za makadi, mawu akundikakamira pakhosi.
Waseka mpaka njinga kupendama.
"Ine usandiwerengere, ndidzakhalapo kale.
Tsiku limenelo pageti makasitomala amachita kulimbirana."

Wapita. Ndatsala ndi shati m'manja, ikudontha.
Khadi limodzi ndi la amayi, pamenepo palibe mlandu.
Linalo ndalemba dzina ndi pensulo,
ndafufuta,
ndalembanso.
Bambo ndikawauza ndekha Loweruka,
ndikakhala pansi, chipewa m'manja,
kuti Mwatitha akafune nsapato.