Msomali Umodzi

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikuwotcherera mageti
kuno ku El Alto, kumene mpweya ndi wopyapyala
ngati malaya otha ndi kuchapa.
Koma Lachiwiri lija namwino Basilia
anakoka chikope cha mwana wanga Nayra
nandionetsa mkati mwake: mbee!
Akuti, "Bambo Apaza, mwanayu akusowa chitsulo."

Ndinaseka. Ndikanatani?
Pakhomo panga munthu amachita kupunthwa pa chitsulo.

Iye sanaseke.
Kuseri kwa khadi la sikelo anajambula kamphete,
pakati pake kadontho.
"Aka ndi kaatomu kamodzi.
Timphete tinayi totere timakhala m'puloteni imodzi,
ndipo m'selo limodzi lofiira
mapuloteniwo amaposa anthu a m'Bolivia muno kamakumi awiri.
Kadonthoka kamagwira mpweya m'mapapo,
osati zolimba ngati mmene mumatira inu,
koma mongokwanira
kuti kakafika ku chala cha kuphazi, kataye."

Mawu amenewo anandisowetsa tulo.
Pantchito yanga, chogwira n'kudzataya
mwini wake amabwera nacho akutukwana.

Anatipatsa kabotolo ka madontho akuda.
Nditanunkhiza ndinamva fungo la manja anga.
Lamulo lake: kumwera madzi a mandimu, tiyi adikire,
poti khomo la m'matumbo n'losankha;
ndimu ndiye amasula chitsulo kuti chikwane,
tiyi amachimanga chikadali panja.

Ndiye m'mawa uliwonse, Nayra akukwinya nkhope,
ine ndimachiperekeza m'maganizo.
Chalowa. Wonyamula wafika, satenga oposa awiri,
ngati woyendetsa wamantha ndi apolisi.
Ulendo wa m'mafupa,
m'chipala chopanda moto, chopanda phokoso,
mmene kadontho kakhazikidwa pakati pa mphete yake
popanda wovala magalasi akuda.

Basilia akuti selo likatha miyezi inayi latopa,
kapamba amaliphwasula,
chitsulocho n'kubwerera kukagwiranso ntchito.
Apo ndinagwedeza mutu.
Nanenso kuseri kwa nyumba ndili ndi mulu wanga,
sinditaya ngakhale kachidutswa.

Mano a mwana anayamba kuda.
Mayi ake, Eusebia, anafuna kutaya botolo.
Tinakangana mpaka mbatata zinapserera.
Ndi iyeyo amene anapeza nzeru
yodonthezera kumbuyo kwa lilime.

Sabata yachisanu ndi chiwiri, tsiku la msika,
pa masitepe a mlatho wa oyenda pansi
pamene nthawi zonse ankakhala pansi katatu,
ndinatembenuka kuti ndimunyamule.
Palibe.
Ali pamwamba kale, masaya psuu,
akundikalipira kuti ndikuchedwa.

Madzulo ndinatola msomali pansi pa benchi.
Akuti chitsulo chonse cha m'thupi la munthu wamkulu
chingalemere chonchi basi.
Ndinauyeza m'dzanja nthawi yaitali,
ine amene ndimagula chitsulo pa makilo
n'kumanenerera mtengo.