Chipewa Changa Chinakafika

Ola limodzi ndi mphindi khumi,
imatero bolodi ya pakhomo lachitatu.
Lusaka, Lilongwe. Ola limodzi basi
ndi kamchira ka mphindi khumi.
Ndimaiwerenga m'mawa uliwonse
ndisanavale magolovesi.

Ntchito yanga ndi ya m'mimba mwa ndege.
Ndimakwawamo ndi mawondo
kusanja masutikesi a anthu
amene sadzandidziwa nkhope.
Lina limanunkhira mafuta a m'sitolo yodula,
lina kapenta wa ku Soweto wokulungidwa m'mapepala atatu,
koma onse akatera ku Lumbadzi
tiyi wanga asanazizire m'fulasiki.

Ine ndikati ndipite kwathu
ndimadzuka atambala a ku Chawama akadali m'tulo,
kukalimbana ndi oitanira pa Intasite.
Chongwe, Rufunsa, mapiri ozunguza mutu,
pa Luangwa amayi akukweza nsomba zouma pawindo,
Nyimba, Petauke, Katete,
msana utauma gwa ngati thabwa la bedi,
Chipata dzuwa litapendeka,
kenaka mzere wa pa Mwami:
chidindo, funso, chidindo china.
Ku Lilongwe ndimafika magetsi atayaka,
ngati tsikulo alipo.

Mwiinga, mnzanga wokonda masamu,
akuti kumwambaku ndi makilomita mazana asanu ndi limodzi,
pansi kuonjezako zana ndi kanthu.
Ndiye kusiyanaku kukuchokera pati?
Anaseka nandigwira thumba la ovolosi.
Apa, akuti. Mtunda umakhala apa.

Lachiwiri lija kunali mphepo ya Ogasiti.
Ndinavula chipewa kupukuta thukuta,
ndinachiika pa katoni ya munthu wina,
kenaka wina anakuwa kuti titseke.
Ndinakumbukira ndege itatukula kale mphuno.

Madzulo inabwerera yomweyo.
Ndikutsegula chitseko, icho chili lende pa neti,
chomangidwa bwinobwino ndi kachingwe kabuluu.
Wina kumeneko,
wokwawa ndi mawondo ngati ine,
anachiona nadziwa kuti chili ndi mwini.
M'kati anasiyamo mtedza wokazinga
womangidwa m'kapepala ka shuga.
Dzina sanalembe.

Ndinachinunkhiza, ndisaname.
Ndimati mwina fumbi la ku Mchesi,
mwina utsi wa chimanga chootcha pa depoti.
Ayi ndithu, mafuta a ndege
ndi thukuta langa lomwe.

Zaka zinayi tsopano.
Mwana wa mlongo wanga Nasimelo
anabadwa, wamera mano, akuthamanga,
ine malume a m'foni,
oduka mawu mayunitsi akatha.
Koma chipewa cha makwacha makumi atatu
chapita, chapuma mpweya wa kwathu,
chabwerako nthawi yoweruka isanakwane,
chopanda pasipoti, chopanda chidindo.

Ndinachivala m'minibasi.
Pa Manda Hill galimoto zinali ndii,
kondakitala akukangana ndi mayi wina za chenji,
ine ndikutafuna mtedza umodziumodzi
kuti usathe msanga.
Ndinayang'ana wotchi pokwera,
ndinayang'ananso potsika pa Chawama:
ola limodzi ndi mphindi makumi anayi.

Mkazi wanga anafunsa
chomwe ndimamwetulira ndekha pakhomo.
Ndinamupatsa mtedza utatu wotsala.
Talawa, ndinatero,
wachoka kwathu lero lomwe.