Eyiti Koloko ya Usiku

Chifunga chatsika kale ku Luwinga,
mapaini kuseri kwa wodi akungodontha.
Ndalandira ntchito: mabedi makumi atatu,
anamwino awiri, tochi imodzi.

Pa bedi seveni pali bambo Mhone,
osoka nsapato pa depoti.
Anasiya mankhwala chaka chatha
tsiku lomwe wina pawindo anakuwa dzina lawo
nati, "Inu a ma ARV, mzere wanu ndi uko!"
Anabwerera kwawo ku Chibavi, botolo lili gwa m'thumba, lopanda kanthu.
Lero abwera pa kabaza,
lamba atamanga pa bowo lachinayi loboola okha.

Suzgika, mtsikana wa kusukulu ya unamwino,
wavala magolovesi awiri dzanja lililonse
kuti angowapatsa kapu ya madzi.
Mayeso anakhoza, pepala lake ndinaliona:
sikayenda m'thukuta, sikayenda m'kapu,
sikayenda pa moni.
Mutu ukudziwa. Zala sizinamve.

Sindinamukalipire. Ndiyambira pati ine?
Ine wophunzitsa odwala m'mawa uliwonse
kuti kakagona tulo m'magazi sikalumpha kupita kwa mnzako,
kuti chimapha ndi manyazi,
koma ikatha miyezi itatu
ndimakwera minibasi ya ku Ekwendeni,
duku kumutu, yunifolomu nditaisiya pa msomali,
kukatenga anga komwe sandidziwa.
Ndimawasunga m'botolo la panado.

Eyiti koloko.
Kafoni ka a Mhone kalira pansi pa pilo.
Ya m'thumba mwanga nayo yalira.
Nyimbo zosiyana, nthawi imodzi.

Andiyang'ana nthawi yaitali
ndi maso ozolowera kupeza pomwe nsapato yang'ambikira.
"Asisita," atero chapansipansi,
"yanu yakwananso."

Ndikanatha kunena kuti ndi mwana akundifuna.
Bodzalo linali kale pa lilime.
Koma ndakhala m'mphepete mwa bedi,
ndatsegula botolo la panado lija.
Iwo piritsi lawo, ine langa,
kapu imodzi, iwo oyamba.
"Yewo," atero, ngati ndawapatsa kanthu.

Suzgika waima pakhomo ndi thireyi,
wasowa koyang'ana.
"Bwera," ndamuuza, "uwagwirire msana,
akufuna kukhala tsonga."

Wayang'ana manja ake.
Wavula magolovesi apamwamba okha,
enawo wawasiya.

Kwa lero, ndi pomwe wafika.
Ine zinanditengera zaka zisanu ndi ziwiri
kufika pa bedi seveni.