Wokwera Wosalipira

Pa doko la Sandama, nkhungu isanachoke pa Ruo,
woyamba kukwera ndi iye.
Salipira, sapempha malo.
Amadumphira kumutu kwa bwato,
n'kuzungulira katatu pamalo amodzimodzi
ngati pali udzu woti aupondereze,
kenako khale, mphuno kutsidya.

Ndinamutola chaka chomwe madzi anadya njanji,
akuyandama pa thunthu la nthochi,
kamwana konyowa, kokwana m'chipewa,
kakulira ngati chitseko chosowa mafuta.
Mkazi wanga anati, "Za m'madzi zisiyeni m'madzi."
Ndiye ndinamutcha Zisiyeni.
Kunyumba anamukana, bwato linamulandira.

Kuweta galu m'bwato si kuweta galu pakhomo.
Pakhomo akaona nkhuku, athamange, n'zake.
Muno akaona kakowa n'kudzambatuka,
matumba a nandolo, njinga ya eni, mayi wa mwana kumsana,
tonse tipendekeka naye limodzi.
Miyezi itatu ndinaphunzitsa liwu limodzi lokha: Khala!
Ndinamwa Ruo kawiri.
Ndinalipira thumba la mchere la a Mukhova
lomwe linakakometsa nsomba za kumunsi.

Koma china sindinamuphunzitse ndine:
m'bwato sakodzamo.
Amapirira, ntchafu zili njenjenje,
mpaka bwato ligunde mchenga,
ndiye liwiro, kukakweza mwendo pa chitsa chake.
Ali ndi chitsa kuno, ali ndi chitsa ku Mozambique,
ndipo palibe msilikali anamufunsapo chiphaso.

Madzi ali ponseponse, iye samwa a mumtsinje.
Amadikira chigubu chodula chomwe ndimakapira madzi,
amwe momwemo, akundiyang'ana.
Dzuwa likafika paliwombo matabwa amaotcha mapazi,
ndimamuyalira chiguduli chonyowa.
Okwera akasowa timakhala pansi pa mkuyu,
ine kuzula nkhupakupa m'makutu mwake,
iye kutafuna mutu wa mlamba,
aliyense pa ntchito yake, osayankhulana.

Mayi Nakhumwa a nsomba zouma
amakumbatira dengu ulendo wonse, akutukwanira m'mtima.
Mlaliki wina amakwinya buluku lake loyera
kuti mchira wonyowa usamudalitse.
"Galu m'bwato! Mudzatimiza, a Khoviwa."

Tsiku lina pakati pa mtsinje ubweya unaima pamsana,
kubangula kwa pansipansi, kosatsegula kukamwa.
Ndinakuwa, "Mwana uyo achotse dzanja m'madzi!"
Chomwe tinkati chipika chinaphethira diso
n'kumira osasiya thovu.
Tinafika kutsidya tili zii.
Mayi Nakhumwa anaponya kansomba kamodzi, kakang'ono,
osamuyang'ana.
Kudandaula kunatha sabata yathunthu,
kenako kunayambiranso.

Tsopano ndevu zake zachita imvi kuposa zanga.
Miyendo yakumbuyo yakana kudumpha.
Ndimamunyamula ngati thumba la chinangwa,
anyamata a kabaza n'kumaseka:
"Bwana akwera, tiyeni tinyamuke!"
Ine sindiyankha.
Amagona ulendo wonse,
kakowa atha kutera pafupi, iye khutu lokha gwedeze.

Dzulo anakana.
Ndinamuitana, anagwedeza mchira kawiri pamchenga
n'kuika chibwano pa mapazi.
Ndinapalasa ndekha ndi okwera asanu ndi mbuzi yomanga.
Mutu wa bwato unapepuka,
unkadzuka, unkapotokera kumene madzi afuna,
nkhafi inandisokonekera m'manja
ngati ndayamba dzana ntchitoyi.

Pobwerera ndinatola mwala kutsidya,
wolemera ngati iye, ndinauyesa m'manja,
n'kuuika pamalo pake, pa chiguduli.
Bwato linakhazikika.
Koma mwala sununkhiza mphepo,
suyang'ana kumbuyo kuona ngati ndilipo.
Tili pakati ndinadzimva ndikuuuza, "Khala,"
ndipo unakhaladi.

Kumtunda, pansi pa mkuyu,
kanthu kofiirira kanadzutsa mutu
kumva kulira kwa nkhafi yanga.
Ndinapalasa mofulumira
mpaka mlaliki anagwira chipewa.