Mwana wa Wosoka Maambulera

Bambo ake ankasoka maambulera kunja kwa siteshoni ya Howrah,
choncho Bhaswati Karmakar anadziwa akadali wamng'ono
kuti chong'ambika sachitaya,
amachiunika kaye kudzuwa.

Ndakatulo yoyamba anailemba kuseri kwa lisiti ya mankhwala,
mayi ake akutsokomola kuchipinda.
Inali ya mizere isanu ndi inayi. Iwiri inali yabodza,
anadzaulula yekha imvi zitayamba.

Ntchito anaipeza kunyuzipepala, ya usiku,
kutola zilembo zosochera m'nkhani za eni ake:
nduna yatsegula mlatho, anyezi wakweranso mtengo.
Zake ankalemba m'bandakucha, pa boti yowoloka Hooghly,
kope pabondo, chigongono chikulimbana
ndi madengu a maluwa opita kumsika.

Ena anati, walemba m'Chingerezi, wanyoza bere linakuyamwitsa.
Ena anati, Chibengali chakocho adzachiwerenga ndani ku Delhi?
Sanawayankhe pamsonkhano.
Analemba nkhani ya masamba khumi ndi awiri
yonena za manja a bambo ake
ndi mmene mvula sifunsira kuti chigamba chinachokera pa nsalu iti.

Fakitale ya ziguduli itatsekedwa
anayenda khomo ndi khomo, miyezi inayi,
kulemba amene anagulitsa njinga, amene anagulitsa mapoto,
ndi Nitai amene ankadzukabe folo koloko
kukaima pageti lokhomedwa.
Mkonzi anadula theka. Nitai anatsala.

Chaka china madzi analowa m'nyumba mpaka m'mawondo,
makope a pansi pa bedi anafewa ngati buledi wa mu tiyi.
Anawayanika pachingwe, tsamba ndi tsamba, pakati pa masari,
ndipo aneba, omwe ankamudziwa ngati mayi uja wogona masana,
anamuwerenga koyamba, makosi atapendeka.

Mphoto inabwera mochedwa.
Nsalu ya paphewa anapatsa wogulitsa mkaka,
ndalama anamatira denga.

Lero ng'ala yaphimba diso lamanzere.
Amalankhula, foni imalemba,
koma foniyo ndi gonthi, imamva zake.
Mdzukulu wa mchemwali wake akati, agogo, apa yalakwitsa, ndikonze?
mayi amene anatha zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi
akusaka zolakwa za ena
amakhala chete, akutafuna liwu lachilendolo.

Werenganso, amatero. Pang'onopang'ono.
Kenaka utseke zenera, fumbi la basi likulowa.