Pakati pa Zitsulo Ziwiri

Ku Biwi, kuseri kwa shedi ya owotcherera zitsulo,
Pijo ya bambo inakhala pa njerwa zaka khumi ndi zinayi,
nkhuku za a Edesi zikuikira mazira pampando wakumbuyo.
Chaka chino ndaidzutsa.
Penti ndapaka, yoyera ngati kale,
mabuleki akugwira, magetsi akuphethira,
koma ndikaliza injini
pansi pa boneti pamamveka wina akulavula:
tsu, tsu, tsu,
ngati munthu wokwiya
amene sakufuna kutchula chamukwiyitsa.

A Kapalamula, amene anagwiritsa bambo sipanala yoyamba,
sanagwade n'komwe.
Anangopisa chala pomwe manifodi imakumana ndi paipi,
chinatuluka chili bii.
"Mwaye sunama," anatero.
"Pomwe wadetsapo m'pomwe mpweya ukuthawira."

Mabawuti atatu. Awiri anamvera.
Lotsalalo, ladzimbiri, linandidyera Loweruka lonse.
Ndinalithira mafuta, ndinaligogoda, ndinalinyengerera,
ndinalitukwana mpaka kumtundu kwake,
kenako linathyokera m'kati
ndipo ndinakhala pansi m'fumbi la Okutobala
n'kuseka ndekha, manja ali magazi.

Gasiketi yakale inatuluka zibenthuzibenthu
ngati chigumu chopserera.
Yatsopano kulibe.
Ndinayenda kuchoka ku Biwi mpaka ku Malangalanga,
anyamata a m'mashopu akufunsa chaka cha galimoto,
ndikatchula, amayang'anana:
"Amayi, nthawi imeneyo ife kunalibe."

Choncho tinapanga yathu.
A Kapalamula anasolola chigamba cha kopa m'thumba la feteleza,
tinajambula ndi msomali, tinadula, tinaboola,
tinachiika pambaula mpaka chinafiira psuu,
m'madzi, chaa!
"Kopa akapsa amafewa," anatero,
"akafewa amalowa m'mabala a chitsulo."

Koma nkhope ziwirizo zinali zitapindika.
Zaka makumi asanu zikupsa limodzi,
iliyonse inakhotera kwake.
Ndinayala sandipepa pagalasi la zenera losweka
n'kuyamba kukwecha, kukwecha,
dzuwa n'kupendekera ku Chinsapo,
mpaka rula itagona pachitsulo
osalola kuwala kudutsa pansi pake.

Lamulungu kunabwera Lemekezani, mlongo wanga.
Chiikireni maliro a bambo
sitinapatsanepo moni wopitirira mawu awiri,
nkhani yake ya puloti ya ku Kawale.
Anati wadzatenga wilibala yake.
Anaima. Anayang'ana miyendo yanga itatulukira pansi pa galimoto.
Kenako ndinaona kuwala kwa tochi ya foni
kukufufuza dzanja langa.
"Kumanzere pang'ono," ndinatero.
Kuwala kunapita kumanzere.

Bawuti sulimanga limodzi mpaka kumapeto.
Umakoka ili pang'ono, ilo pang'ono,
kubwerera loyamba lija,
kuzungulira, kuzungulira,
kuti kopa aphwanyike mofanana.
Ukathamanga, khutu la manifodi limathetheka,
ndipo la Pijo yotere
ngakhale kumanda a galimoto ku Mchesi sungalipeze.

Ndinaliza. Iye anatseka kumchira ndi sanza,
ine ndikudontheza madzi a sopo pamsoko.
Tinadikira.
Kathovu kamodzi kanatukumuka pakona,
kakang'ono ngati diso la nsomba,
kanaphulika, kanabweranso.

Ndinafuna kuponya sipanala padenga la a Edesi.
A Kapalamula anangoti, "Isiyeni itenthe, izizire.
Chitsulo chikapuma mudzakokenso."

Tinakhala pa matayala akutha, osalankhula,
tikumvera injini ikuzizira, the, the, the,
minibasi za ku Area 23 zikuitanira patali.
Itazizira ndinalowanso pansi,
bawuti lililonse linandipatsa kachigawo kena.

Ulendo uno sopo anangogona phee.
Utsi wonse unatulukira kumbuyo, komwe uyenera,
ndipo liwu lija la m'mawa wa ubwana wathu,
bambo akutenthetsa injini ife tikusaka masokosi,
linadzaza bwalo lonse.

Lemekezani anapukuta manja pa thalauza,
anati kwada, ana akudikira.
Anapita.
Wilibala ikadali pano, yatsamira khoma.